Logo, zithunzi ndi zikalata za atolankhani: tizisunge pati osawononga ndalama zambiri?

aNaphiri, a mpunga, Nkhotakota:
Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Ndili ndi funso kwa inu odziwa za intaneti. Kampani yathu imapuntha ndi kulongedza mpunga wa Kilombero womwe timagula kwa alimi a ku sikimu ya Bua, ndipo chiyambireni kupita ku zionetsero za malonda, atolankhani ayamba kumatifuna. Vuto n'loti akapempha logo, chithunzi cha chigayo kapena mbiri ya kampani, zinthuzo zili balalabalala. Logo ili mu laputopu ya mnyamata yemwe anatijambulira matumba, zithunzi zili m'mafoni mwa anthu osiyanasiyana, ndipo mbiri ya kampani aliyense amaifotokoza m'mene akuikumbukirira. Ndinafunsa kampani ina ya ku Lilongwe kuti itikonzere malo pa intaneti oikapo zimenezi. Mtengo womwe anatchula sitingaukwanitse chaka chino, komanso akuti tikafuna kusintha kalikonse tizidzera mwa iwo n'kulipiranso. Kodi palibe njira yotchipa yomwe eniake tingamaigwire tokha?

Che Saidi, a loji, Senga Bay:
Achemwali, bwanji osangogwiritsa ntchito peji ya Facebook? Ndi yaulere, ndipo anthu onse ali komweko. Ife alendo ambiri amatipezera kumeneko.

aNaphiri:
Peji tili nayo Che Saidi, ndipo pa makasitomala imatithandiza ndithu. Koma atolankhani amaionanso pejiyo n'kuimbabe foni kupempha zomwezo.

aMwale, mtolankhani:
Ndilowepo, popeza nkhaniyi yafika pa ntchito yanga. Facebook ndi yabwino pokopa ogula, koma ine amene ndikuthamangitsana ndi nthawi yotumizira nkhani kwa mkonzi imandichedwetsa. Ndikafuna kudziwa chaka chomwe kampani inayamba, ndiyenera kutsika m'munsi kudutsa mafuno abwino a Khirisimasi, a Eid, mauthenga a maliro, mpaka bandulo kutha ndisanachipeze. Chithunzi cha pamenepo chimakhala chofinyidwa kale, chikapita papepala chimaoneka chimbuuzi. Cha pa WhatsApp ndi chimodzimodzi, pokhapokha mutachitumiza ngati document. Zikatero mkonzi amataya chithunzi chanu n'kuikapo chakale cha munda wa mpunga wa kwina, kapena nkhani yonse amaidula kuti itsale kachidutswa.

Zomwe ndimafuna si zambiri ayi. Dzina la kampani monga linalembetsedwera, mayina ndi maudindo a akuluakulu olembedwa molondola, manambala omwe mwawatsimikiza, chithunzi chachikulu, ndi nambala ya munthu amene amayankha foni ngakhale Loweruka madzulo. Zimenezi zikakhala malo amodzi oti ndingazipeze usiku inu mutagona, theka la ntchito yanga latha.

aBanda, a zamakompyuta, Kamuzu Road:
Amayi aNaphiri, njira ilipo, ndipo si yachilendo. Gwiritsani ntchito WordPress. Ndi pulogalamu yomwe inatuluka mu 2003, anaiyambitsa Matt Mullenweg ndi Mike Little kuti munthu azitha kuika zolemba zake pa intaneti tsiku ndi tsiku popanda kuphunzira kulemba makodi. Pulogalamuyo payokha ndi yaulere, ndipo lero mawebusaiti oposa 40 pa 100 alionse padziko lonse akuyendera yomweyo.

Chomwe ndimaikondera pa ntchito ngati yanuyi n'chakuti kapangidwe kake kanangogwirizana ndi zomwe aMwale akupempha. Chilichonse chomwe mwalemba chimakhala ndi deti, chatsopano chimabwera pamwamba, chakale chimatsika koma sichisowa, ndipo chilichonse chili ndi linki yakeyake yomwe mungaitumize pa WhatsApp.

Mkati mwake muli zinthu ziwiri zofunika kuzisiyanitsa. Pali Posts, zomwe zimayenda ndi masiku. M'menemo muziika zikalata zopita kwa atolankhani: mwatsegula depoti yatsopano, mwalandira chiphaso cha Malawi Bureau of Standards, mwasintha mitengo yogulira mpunga kwa alimi. Ndiye pali Pages, masamba okhazikika omwe sasuntha. Amenewo muikemo mbiri ya kampani, mayina a akuluakulu, logo, ndi momwe angakupezereni. Zithunzi ndi mafayilo zimakhala mu Media. Zolemba muzizigawa m'magulu ochepa, mwina atatu: zikalata zathu, zomwe ena alemba za ife, ndi zithunzi. Magulu akachuluka munthu amasochera.

Bambo Chirwa, owerengetsa ndalama, Dwangwa:
Achimwene aBanda, mawu oti "yaulere" ine amandiopsa. Ndawerengetsa ndalama za makampani ang'onoang'ono kwa nthawi yaitali, ndipo zinthu zolowa mwaulere ndi zomwe zimadzabwera ndi ngongole ya madola. Tatiuzeni poyera kuti pachaka munthu alipira chiyani, kwa ndani, ndipo m'ndalama yanji. Chichokereni November 2023 pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, chilichonse cha madola tiyenera kuchiyang'ana kawiri.

aBanda:
Funso lanu n'loyenera, bambo. Njira zilipo ziwiri, ndipo anthu amazisokoneza chifukwa mayina ake ndi ofanana.

Yoyamba ndi WordPress.com. Iyi ndi ya kampani ya Automattic, amakusungirani okha zonse. Ali ndi gawo laulere, simulipira kanthu. Koma adiresi yanu imathera ndi mawu oti wordpress.com, amaikapo malonda awo omwe inu simungawasankhe, malo osungira zithunzi ndi ochepa, ndipo simungawonjezere ma plugin, timapulogalamu towonjezera zomwe tsamba lingathe kuchita. Mukafuna kuchotsa malire amenewa mumalipira m'ndalama zakunja.

Yachiwiri ndi kutenga pulogalamuyo ku WordPress.org n'kuiika pa hosting yomwe mwachita lendi. Apa mulipira zinthu ziwiri pachaka: domain, lomwe ndi dzina lanu pa intaneti, ndi hosting, malo omwe mafayilo akukhala. Domain ya .com imakhala pa madola 10 mpaka 20 pachaka malinga ndi komwe mwagula. Ya .mw imayang'aniridwa ndi Malawi SDNP. Hosting yaing'ono kwambiri ndi yokwanira, chifukwa tsamba la atolankhani silichezeredwa ndi chikhamu. Kachiloko kaja kamene kamaoneka pafupi ndi adiresi, kosonyeza kuti tsamba ndi lotetezedwa, musalole kukulipiritsani padera, chifukwa Let's Encrypt imapereka ziphaso zake mwaulere. Pa nkhani ya madola, alipo ochita hosting kuno kwathu omwe amalandira makwacha. Ine makasitomala anga ndimawalipirira pa Airtel Money kapena Mpamba. Maonekedwe a tsamba musagule, omwe amabwera ndi pulogalamuyo ndi okwanira.

Bambo Chirwa:
Apo mwayankha. Koma mwasiya mtengo umodzi, nthawi ya munthu. Woti azilemba ndi kusamala zimenezi ndi ndani? Ngati ndi aNaphiri eniake, m'nyengo yogula mpunga sadzapeza mpata.

aNambewe, a uchi, Salima:
Ndisanaiwale, ndikupempheni chinthu chimodzi aNaphiri, ndipo ndikunena mtima ukundiwawa. Domain ndi hosting zilembetsedwe m'dzina la kampani, ndi imelo ya kampani, ndipo pasiwedi yaikulu muisunge ndinu. Ife webusaiti yathu anatikonzera mnyamata wina waluso ndithu, koma zonse analembetsa pa imelo yake. Atapita ku Johannesburg nambala yake inasiya kugwira, chaka chitatha domain inafa, ndipo sitinathe kuitsitsimutsa chifukwa kwa ogulitsawo ife sitinali eni ake. Adiresiyo inali itasindikizidwa kale pa mabotolo athu onse. Munthu akailemba lero imamutengera ku tsamba la malonda achilendo. Akuluakulu anati fodya wako ndi yemwe ali pamphuno. Chomwe chili pa imelo ya munthu wina si chanu, ngakhale munalipira ndinu.

aNaphiri:
Pepani kwambiri achemwali. Mabotolo munatani nawo?

aNambewe:
Tinamatapo timapepala tatsopano pamwamba pa adiresi yakale, botolo lililonse pamanja.

aBanda:
Zomwe anena aNambewe n'zoona, ndipo ife a ntchito imeneyi tiyenera kumazinena tokha kasitomala asanafunse. WordPress ili ndi yankho lake, lomwenso likuyankha Bambo Chirwa. Anthu olowamo amapatsidwa maudindo osiyana. Administrator ndiye mwini, angathe kuchita chilichonse, kuphatikizapo kuchotsa anzake. Udindo umenewu ukhale wa mwini kampani. Editor amalemba, kukonza za ena ndi kutulutsa. Contributor amangolemba, koma zomwe walembazo sizituluka mpaka wamkulu atazivomereza, ndipo sangaike mafayilo. Ndiye kalaliki wanu kapena mwana wa ku koleji yemwe akuphunzira ntchito akhale Contributor, azikonza chikalata, inu muzingowerenga pafoni n'kuvomereza. Wokukonzerani ngati ine mum'patse akaunti yakeyake, ntchito ikatha muitseke. Pasiwedi imodzi yogawana anthu asanu ndi yomwe imabweretsa milandu, chifukwa chinthu chikalakwika simudziwa anachisintha ndani. Aliyense akakhala ndi yake, pulogalamuyo imasunga mbiri ya zosintha pa zolemba ndi dzina la wosinthayo, ndipo mungathe kubwerera ku zomwe zinalipo poyamba.

Che Saidi:
Ine ndikuonabe ngati n'zolemetsa kwa ife ang'onoang'ono. Bwanji osangotsegula foda pa Google Drive? Amapereka 15 GB mwaulere. Uikemo zonse, mtolankhani akafuna um'patse linki. Palibe domain, palibe hosting.

aMwale:
Che Saidi, foda ya pa Drive ikuposa kusakhala ndi kanthu, ndipo amene sangathe zinazi ayambe ndi yomweyo lero. Koma ili ndi zofooka ziwiri. Choyamba, ndiyenera kukupezani kaye kuti mundipatse linki. Mnzanga wa ku Blantyre yemwe sakukudziwani akalemba dzina la loji yanu pa Google, fodayo saipeza. Chachiwiri, ndikatsegula ndimapeza mafayilo makumi angapo olembedwa manambala okhaokha a kamera, osadziwa kuti amene ali pachithunzi ndi ndani, anajambula ndani, liti. Ndinalandirapo foda yomwe munali ma logo atatu osiyana, osanena kuti yomwe ikugwira ntchito ndi iti. Tsamba limalola kuti pansi pa chinthu chilichonse pakhale mawu ochifotokoza.

aBanda:
Ziwirizi zingathenso kuyendera limodzi. Mafayilo olemera, monga makanema, akhale pa Drive kapena pa YouTube, tsamba lingolozera kumeneko. Hosting yanu siidzaza.

aMwale:
Ndikhazikike pang'ono pa zithunzi, chifukwa ndi pomwe makampani a kuno kunyanja amataya mwayi waukulu. Osindikiza amapempha chithunzi cha 300 dpi. Kunena mosavuta, kuti chithunzi chituluke bwino pa masentimita 15 m'lifupi, chiyenera kukhala ndi mapikseli pafupifupi 1,800 m'lifupi mwakemo. Foni yamakono imajambula choposa apo, chimene chimachiwononga ndi kuchitumiza uku ndi uku. Chichoke mu foni yomwe inajambula kupita pa tsamba, osadzera kwina.

Kenaka, zomwe zili pachithunzi. Pafupifupi aliyense amanditumizira mzere wa akuluakulu ataima kutsogolo kwa chikwangwani manja ali kumbuyo. Chimenecho chikhalepo chimodzi. Koma mkonzi amafuna kuona ntchito ikugwirika: mayi akusoka thumba, mlimi akuyeza mpunga pa sikelo, lole ikupakira m'bandakucha, kapena kwa Che Saidi bwato likunyamuka ndi alendo. Pakhale choimirira ndi chogona, chifukwa simudziwa mpata womwe watsala pa tsamba la nyuzipepala. Mkulu wa kampani akhale ndi chithunzi chake cha nkhope chooneka bwino, osati chodula pa chithunzi cha paukwati. Ndipo pansi pa chilichonse mulembe mayina kuyambira kumanzere, malo, mwezi ndi chaka, ndi dzina la wojambula.

Logo ikhale fayilo ya chithunzi ya mtundu wa PNG yopanda mtundu kumbuyo, ina yamitundu, ina yakuda yokhayokha. Muitanitse kwa mnyamata wa matumba uja fayilo yake yeniyeni yomwe anajambulira, chifukwa osindikiza zikwangwani adzaifuna.

aBanda:
Pa zithunzi pomwepo pali kamsampha komwe ambiri sakadziwa. Kuyambira mu 2019, WordPress ikalandira chithunzi cha kamera choposa mapikseli 2,560 imachichepetsa yokha kuti tsamba lizitseguka msanga. Choyambiriracho imachisunga ndithu, koma chomwe chimaoneka ndi chochepetsedwacho. Pa nyuzipepala n'chokwanira, koma a magazini akafuna cha tsamba lonse muyenera kuwapatsa linki ya choyambirira, kapena kuziika zonse mu fayilo ya ZIP, yomwe imamanga mafayilo ambiri pamodzi. Ndipo pa tsambalo muziika tizithunzi tating'ono, chachikulu chizitsika munthu akadina. Netiweki ya m'mbali mwa msewu wa M5 tonse tikuidziwa. Tsamba lolemera mtolankhani ali ku Chia sangalitsegule.

aNaphiri:
Ndikulemba zonsezi m'kope. Ndifunse aMwale: chikalata chenichenicho ndiziika ngati PDF yokhala ndi sitampu ndi siginecha? Ife tinazolowera kuti chikalata chopanda chidindo si chikalata.

aMwale:
Amayi, ikani zonse ziwiri, koma mawu akhale olembedwa pa tsamba penipeni kuti ndithe kuwakopa. Chomwe chimandivutitsa kwambiri ndi chikalata chomwe anachisindikiza, kuchidinda, kenaka n'kuchijambula ndi foni chopendekeka. Ndiyenera kulembanso liwu lililonse, ndipo m'menemo ndi momwe ziro mmodzi amatayika, matani 500 n'kusanduka 50. Mawa mumandiimbira kuti ndalakwitsa. PDF ya chidindo ikhale pansi ngati umboni.

Chinanso, lembani m'zilankhulo ziwiri. Anthu amaganizira The Nation ndi The Daily Times zokha, n'kuiwala kuti alimi omwe amakugulitsani mpunga amamvera Nkhotakota Community Radio, Zodiak ndi MBC m'Chichewa. Mukapereka Chingerezi chokha, womasulira ndi mtolankhani, mothamanga, ndipo mawu anu angatuluke m'mene simunafunire. Mukalemba nokha Chichewa chake, chomwe chiwerengedwe pa wailesi ndi chanu. Kwa a wailesi, ikaniponso mawu ojambulidwa a mphindi imodzi, inu mukufotokoza mfundo yaikulu, pamalo opanda phokoso la chigayo. Aofesi ya zofalitsa nkhani ya paboma, omwe amalembera Malawi News Agency, muziwatumiziranso linki, chifukwa nkhani zawo zimatengedwa ndi nyumba zina zoulutsa mawu.

Bambo Chirwa:
Tinene chilungamo, aMwale. Zonsezi zingakonzedwe bwinobwino, koma popanda chipondamthengo, kandalama kopatsa mtolankhani kaja, nkhani imatuluka? Makampani omwe ndimawawerengetsera ndalama amaika mzere wa zimenezi mu bajeti ya mwambo uliwonse. Ndikufunsa kuti aNaphiri asayembekezere zomwe sizidzachitika.

aMwale:
Bambo, sindikana kuti mchitidwewu ulipo, ndipo umatichotsera ulemu tonse, ngakhale amene sitiufuna. Malamulo a ntchito yathu, omwe a Media Council of Malawi amawayang'anira, salola kulandira ndalama kuti ulembe nkhani. Koma taonani komwe umamera. Mtolankhani wa m'boma nthawi zambiri amalipidwa pa nkhani yomwe yatuluka. Kuti achoke pa boma la Nkhotakota kupita ku Dwangwa n'kubwerako, thiransipoti yokha ingathe kudya zonse zomwe adzalandire pa nkhaniyo. Ndiye amadalira woitana. Kampani ikaika mfundo zake, zithunzi ndi nambala pamalo oonekera, ndingathe kuyamba nkhani ndili pomwe ndili, n'kuimba foni kufunsa mafunso anga, n'kufunsanso alimi ndi ena okhudzidwa, popanda kupempha kalikonse kwa munthu. Zimenezo zimandimasula ine, zimamasulanso inu.

Koma mwanena zoona pa chinthu chimodzi. Tsamba silisandutsa chinthu chosakhala nkhani kukhala nkhani. Kuti bwana wagula galimoto yatsopano si nkhani. Kuti mwayamba kugula mpunga kwa alimi mazana angapo pa mtengo woposa wa mavenda, imeneyo ndi nkhani, ndipo ndidzapita kukawafunsa alimiwo ngati zili zoona. Zomwe mwaika pa tsamba ndi poyambira, sindidzazikopa zonse n'kuikapo dzina langa.

Bambo Chirwa:
Mwayankha mwaulemu, ndathokoza. Mzere uja mu bajeti sindinganene kuti uchoka mawa, koma ndamva.

aNambewe:
Ine phindu lalikulu ndikuliona pa tsiku la mavuto. Kunamveka mphekesera kuti uchi wina wa m'mabotolo ofanana ndi athu ndi wothira shuga. Inayenda pa WhatsApp ngati moto, ndipo ife tinalibe malo oti anthu akaonepo mawu athu enieni. Tinkangoyankha munthu mmodzimmodzi, wina n'kumasinthanso zomwe tanena. Pakanakhala tsamba lodziwika kuti ndi lathu, tikanalemba kamodzi, ndi deti, ndi chithunzi cha botolo lenileni, aliyense n'kumatumiza linki yomweyo. Inu a mpunga zimenezi zingakugwereni, matumba achinyengo a Kilombero ali mbwee m'misika.

aMwale:
Ndipo tsiku limenelo tsambalo limagwira ntchito pokhapokha ngati linalipo kale ndipo tinalizolowera. Lotsegulidwa dzulo chifukwa cha mlandu anthu salikhulupirira. Ndiwonjezere ichi: mukalakwitsa nambala m'chikalata chomwe chatuluka kale, musaisinthe mwakachetechete. Konzani, n'kulemba pansi kuti takonza chakuti pa deti yakuti. Ine ndikakhala nditalemba kale nambala yoyambayo, ndiyenera kutha kuonetsa mkonzi komwe ndinaitenga.

aNaphiri:
Nanga ngati tili ndi chinthu choti tilengeze Lachisanu, koma tikufuna atolankhani awiri atatu akonzekeretu?

aBanda:
Zimatheka, amayi. Chikalata mungachitseke ndi pasiwedi yakeyake n'kuipereka kwa omwe mwawasankha. China chofanana nacho, chopanda pasiwedi, mungachitcherere nthawi kuti chidzatuluke chokha Lachisanu 8 koloko m'mawa inu muli pa msewu. Koma samalani zinthu zitatu. Pasiwediyo imatseka mawu okha, chithunzi kapena PDF yomwe mwaika mu Media munthu wodziwa linki yake angaitsegule, ndiye chinsinsi chenicheni musachiikemo nthawi isanakwane. Wotchi ya tsamba muiike pa nthawi ya Blantyre, apo ayi chidzatuluka mochedwa ndi maola awiri. Ndipo pa tsamba lomwe silichezeredwa kawirikawiri, chotcheracho nthawi zina chimadikira mpaka wina atalitsegula, ndiye nthawi ikakwana mulitsegule nokha muone ngati chatuluka.

Che Saidi:
Nanga akuba a pa intaneti? Ndinamva kuti mawebusaiti a WordPress ndi omwe amabedwa kwambiri.

aBanda:
Amalondoledwa kwambiri chifukwa ndi ochuluka, Che Saidi. Koma polowera penipeni nthawi zambiri ndi ma plugin akale omwe eni ake anasiya kuwakonza, maonekedwe ogulitsa omwe munthu wawatenga mwakuba, ndi mapasiwedi ofooka. Tsamba la atolankhani silifuna ma plugin ambiri, awiri kapena atatu akwana. Pulogalamu ikanena kuti kwabwera yatsopano, vomerani. Dzina lolowera lisakhale admin. Ndipo kamodzi pamwezi tengani kope ya zonse muisunge kwina. Mu Tools muli Export, yomwe imakupatsani fayilo ya zolemba zanu zonse, koma zithunzi sizikhalamo, ndiye zoyambirira muzisunge padera pa flash kapena pa Drive. Fayilo imeneyi ndi yomwenso imakulolani kusamuka. Mukayamba ndi gawo laulere lija, tsiku lomwe mwapeza ndalama mungatenge zolemba zanu kupita nazo pa hosting yanu.

aGama, mphunzitsi wopuma, Lifuwu:
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Ndikumbutse za anthu omwe ali pa zithunzizo. Mlimi kapena wantchito si katundu wa kampani. Chithunzi chikaikidwa poti aliyense atenge, chingathe kukatulukira pa nkhani yomwe mwini nkhope sakuidziwa n'komwe. Muwafunse kaye, muwafotokozere m'Chichewa kuti chithunzichi chingatuluke mu nyuzipepala ndi pa intaneti, ndipo asayine kapena kudinda chala. Dziko lathu lili ndi lamulo loteteza zinsinsi za munthu la 2024, koma ngakhale likanapanda kukhalapo, ndi ulemu chabe. Ana asaikidwepo popanda makolo. Wojambulanso mugwirizane naye polemba kuti zithunzi zake muzipereka kwa atolankhani, chifukwa lamulo la umwini wa zaluso la 2016 limateteza zithunzinso, si nyimbo zokha.

aMwale:
Zikomo aphunzitsi. Pamwamba pa zithunzi palembedwe chiganizo chimodzi chonena kuti atolankhani ali ololedwa kuzigwiritsa ntchito pa nkhani zokhudza kampaniyi, potchula wojambula. Chiganizo chimenecho chimandipulumutsa ku mafunso a mkonzi.

Bambo Chirwa:
Ndibwerere ku nkhawa yanga ija, chifukwa sinathe. Tsamba lomwe chikalata chake chomaliza ndi cha zaka ziwiri zapitazo, nambala yake ndi ya munthu yemwe anasiya ntchito, limauza anthu kuti kampaniyo inagwa. Kuli bwino kusakhala nalo. ANaphiri, ngati mutsegule, lembani m'kalendala tsiku limodzi pa miyezi itatu iliyonse loti muone ngati mayina, manambala ndi mitengo zikadali zoona. Ndipo deti yolipira domain ilowe m'buku la ngongole limodzi ndi lendi ndi msonkho, isadalire kukumbukira kwa munthu.

aNaphiri:
Zimenezo ndizichita, bambo. Ndaganiza zotenga domain yathuyathu ndi hosting yolipira m'makwacha, chifukwa malonda a anthu ena pa tsamba la kampani sindikuwafuna. Mtsikana wa mu ofesi akhala wolemba, ine wovomereza. Ndiyamba ndi masamba atatu okha ndi chikalata chimodzi. ABanda, mundiuze mtengo wanu kumbali. AMwale, mbiri ya kampani ndikailemba ndingakutumizireni muione ngati ikumveka?

aMwale:
Kuiwerenga ndiiwerenga, amayi, ndikuuzani pomwe pakusowa mfundo. Koma kukulemberani sindingathe, chifukwa mawa ndingadzafunike kulemba nkhani ya kampani yanu, yabwino kapena yowawa. Isapitirire tsamba limodzi. Mawu oti "otsogola" ndi "apamwamba zedi" muwachotse, muike chaka chomwe munayamba, komwe mumagula, komwe mumagulitsa ndi chiwerengero cha antchito.

aNambewe:
ABanda, ife ang'onoang'ono atatu kapena anayi tingathe kusonkherana hosting imodzi?

aBanda:
Zimatheka ngati phukusi lomwe mwagula likulola mawebusaiti angapo, funsani musanalipire. Koma aliyense akhale ndi domain yake m'dzina lake, ndipo mulemberane kuti wolipira ndi ndani, chifukwa hosting ikapanda kulipiridwa masamba onse amathima tsiku limodzi. Tsamba la mmodzi likalowedwa ndi akuba, enawonso amakhala pa chiopsezo. Ngati mulipo ofuna, ndingathe kukuonetsani Loweruka likubwerali ku shopu kwanga, tikhazikitse limodzi la aNaphiri ena mukuonerera.

Che Saidi:
Ine ndiyamba ndi foda ija, ndilembe mayina pa zithunzi monga anenera aMwale. Koma Loweruka ndibwera ndidzaone. Tiyambe m'mawa kuti a ku Nkhotakota apeze minibasi yobwerera kukadawala.

aBanda:
9 koloko. Aliyense abwere ndi logo ndi zithunzi zake pa flash, ndi foni yomwe ili ndi imelo ya kampani, chifukwa nambala zotsimikizira zidzafikira pomwepo. Amene kampani yake ilibe imelo anene lero, titsegule isanafike tsikulo.